Mayi amene anagwedeza mutu kumbuyo kwa phungu

Panali munthu wina m'tauni yathu muno ku Georgia, mayi wachikuda dzina lake Lavonne Pettway. Ankagwira ntchito mu ofesi ya phungu wina wachizungu, bambo Stroud. Mwana wake mmodzi yekhayo, Jalisa, anali chaka chachiwiri kusukulu ya udokotala.

Chisankho chitayandikira, Stroud ananena pa wailesi kuti akazi akuda amene ali m'masukulu apamwamba sanalowe ndi nzeru zawo, anachita kusungiridwa malo chifukwa cha khungu. Tauni inawira. Achipani china anati atule pansi udindo. Achipani chake anangoti zii.

Kenako kunabwera mwamuna wina wochokera ku likulu la chipani, amene Lavonne anali asanamuonepo.

"Mayi Pettway, inu simuyankhula kanthu," anatero. "Mawa bwana akamayankha atolankhani, mungoima kumbuyo kwawo. Tikapambana, ofesi ino mudzayendetsa ndinu."

Lavonne anakauza azakhali ake, mayi Odessa.

"Zaka zisanu ndi zinayi uli mu ofesi imeneyo, anayamba wakuitanapo pa chithunzi?" anafunsa azakhaliwo.

"Ayi. Koma ndikangoima basi, anti."

"Mpandanso umangoima basi, koma umabisa dzala. Usapite, mwanangu."

"Inu chilichonse mumachiona ngati zakale zija za nthawi ya tsankho," anaseka Lavonne.

Anapita. Anamuimika paphewa lamanja la Stroud penipeni. Stroud sanapepese. Anabwereza mawu aja, n'kutembenuka: "Funsani Lavonne uyu, amandidziwa mtima wanga." Makamera onse anamuloza. Posowa chochita, Lavonne anagwedeza mutu. Kamodzi kokha.

Kagawo ka kanema kameneko kanazungulira m'mafoni dera lonse. Sabata isanathe, wina anamata chithunzicho pa kabati ya Jalisa kuchipatala chimene ankaphunzirako, n'kulemba pansi pake kuti, "Ngakhale amayi ako akuvomereza."

Jalisa anaimba foni.

"Amayi, si inu munkandilanda mabuku kuti ndidye kaye? Munagwedezeranji mutu?"

"Sindinanene kanthu, mwanangu."

"Ee. Simunanene kanthu."

Jalisa anadula foni.

Stroud anapambana pang'ono pokha. Ofesi ija anapatsa wina, ndipo mwamuna uja sanayankhenso foni ya Lavonne.

Jalisa sukulu sanasiye. Anamaliza. Pa tsiku lolandira digiri anapatsidwa mipando iwiri ya abale. Amayi ake sanawaitane. Umodzi anakhalapo mayi Odessa, winawo unakhala wopanda munthu mpaka mwambo kutha. Lavonne anauona mpandowo pa chithunzi cha m'foni ya azakhali ake, ndipo akuti anauyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira mwana wake.

Kutchalitchi amabwerabe. Ine ndimakhala mzere wa kumbuyo kwake chifukwa cha mwana wanga wovuta. Abusa akafunsa kuti, "Si choncho, abale?" mpingo wonse umagwedeza mitu. Lavonne yekha khosi limakhala chiumire, ngati wina waligwira kumbuyo. Ukamupatsa moni panjira amayankha ndi pakamwa, mutu osasuntha. Zaka zinayi tsopano.

Phunziro: Munthu amene sanakufunepo pambali pake akakuitana tsiku limene zamuvuta, sakufuna iwe, akufuna nkhope yako. Usanaime kumbuyo kwa wandale, ganiza kaye za mwana amene adzaone chithunzicho. Tumizani nkhaniyi kwa amayi anzathu, makamaka amene ali ndi ana aakazi kusukulu.