Tchuthi cha a Marlys

Khofi anali atazizira kale m'makapu pamene a Marlys Vandenberg anatsika masitepe olowera m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Anthu khumi ndi anayi anacheuka. Palibe anawakokera mpando.

"Taonani alendo athu," anatero a Doreen Kuchar, wachiwiri kwa wapampando, maso ali pamapepala awo. "Dzuwa la ku Mexico lawamasula."

Kaseko kanayenda pansipansi. A Marlys anadzipezera okha malo pafupi ndi chofunditsa nyumba, anatsetseretsa jasi yawo pamapewa, n'kukhala pansi.

Gululi analiyambitsa ndi iwo omwewo zaka zitatu zapitazo, patebulo la kukhitchini kwawo. Cholinga chinali chimodzi: kukakamiza aphungu a chigawo chawo kuti akhazikitse lamulo loti aganyu, osamalira nkhalamba, antchito a m'mafamu ndi onse opanda inshuwaransi azithandizidwa kuchipatala. A Marlys, wapampando wa gululo, mayi wosoka makatani kunyumba, anali ndi pakamwa. Akaima pamsonkhano, ngakhale alimi ouma mitu ankavula zipewa. Ankakonda kunena kuti nkhondoyi siyofuna anthu othawa mphepo.

Ndiye mu Januwale, kuzizira kuli pachimake, nthawi yeniyeni yosainitsa anthu khomo ndi khomo, mwini mawuwo anangoti zii. Anasiya uthenga wa mawu atatu okha: "Ndachokapo pang'ono. Pitirizani."

Anapitirizadi. A Doreen anatsogolera gulu m'chipale chofewa chofika m'mawondo, milomo itang'ambika, zolembera zikuuma inki m'manja. A Orville Teague, mlembi wa zaka makumi asanu ndi awiri, anaterereka pakhomo pa munthu n'kubinya bondo. Wina anamulumitsa galu. Wina anatukwanidwa kuti ndi waulesi wofuna zaulere. Masabata asanu ndi limodzi anatha choncho, foni ya wapampando ili yozimitsa.

Kenaka chinatuluka chithunzi. Mng'ono wawo wa a Marlys ndiye anachiponya pa intaneti, ndipo pofika madzulo chinali chitazungulira tawuni yonse. Wapampando wa anthu osauka anali gone pampando wansalu, pansi pa mgwalangwa, chipewa chachikulu kumutu, magalasi akuda kumaso, tambula ya madzi a zipatso m'manja. Ku Mexico! Anzawo akuuma zala, iwo akuwothera dzuwa ngati buluzi.

Lolemba likubwerali, komiti ya aphungu inali itapatsa gululi mphindi zitatu zokha zoti lilankhule. Mphindi zitatu za zaka zitatu. Nkhani ya Lowerukali inali yoti akalankhule ndani, ndipo mpando ukhale wa yani.

A Doreen anaimirira. Anakweza foni kuti aliyense aone chithunzicho, ngati panali amene anali asanachione.

"Anzanga, Lolemba tikaima pamaso pa anthu amene akungofuna potigwetsera. Mukuganiza kuti ichi alibe? Tikatumize mayi wa mgwalangwa kuti akawauze za kuvutika? Akatiseka mpaka kugwa pamipando."

"Bondo langali mpaka lero silipindika," anatero a Orville. "Mwina nanenso ndikanapita kunyanja likanachira."

"Ndingalankhuleko?" anafunsa a Marlys. Mawu awo anali otsika, osati aja ogwedeza holo.

"Munali ndi masabata asanu ndi limodzi oti mulankhule, amayi," anayankha a Doreen. "Kapena mukufuna kutiuza mmene nsomba za kumeneko zimakomera? Sungani. Mukawafotokozere adzukulu."

A Marlys anayang'ana nkhope imodziimodzi. Anthu amene anawaphunzitsa okha kugogoda pakhomo anayang'ana m'makapu.

Chisankho sichinatenge nthawi. Ofuna a Doreen akhale wapampando ndi wolankhula Lolemba: manja khumi ndi anayi, ena mpaka kuimirira. Ofuna a Marlys apitirize: palibe. Ngakhale mwini wake sanadzivotere.

"Kamanyazi kakadalipo ndithu," anatero a Doreen, akudzikonzera mpando wakutsogolo. "Tisiyireni makiyi a kabati ndi mndandanda wa mayina. Pali ntchito pano, ya anthu osathawa mphepo."

A Marlys anaika makiyi patebulo. Pambali pake anaikapo mapepala awiri olembedwa pamanja, mawu amene anakonzera aphungu. A Doreen anawakankhira kumbali ndi chala chimodzi, osawawerenga.

"Mukatchule dzina la mwana wa a Ruiz uja anabwezedwa kuchipatala," anatero a Marlys. "Aphungu amaiwala manambala, koma dzina limawakakamira."

"Tamva, aphunzitsi."

Anthu anayamba kukambirana za galimoto yopitira ku likulu, ngati mayiyo watuluka kale. Koma a Marlys anali akadali pomwepo, akulimbana ndi jasi. Analowetsa mkono wamanzere. Wamanja unkangofika panjira n'kubwerera. Anayesa kawiri, katatu, thukuta lili mbuu pachipumi. A Doreen zinawatopetsa.

"Ha! Kuzolowera kuvekedwa ndi antchito a ku hotela eti? Bweretsani kuno, mutichedwetsa."

Anagwira jasiyo n'kukoka mkono mwamphamvu. A Marlys anabuula, napindika. Juzi inasolokera kumbali, ndipo a Doreen anaona bandeji yokulunga chifuwa chonse, mbali yakumanja ili see ngati thabwa.

"Pang'onopang'ono, mnzanga, chilonda sichinapole," anatero a Marlys. "Bere ndalisiya ku Mexico. Kuno anati popanda inshuwaransi ndidikire, koma khansa sinkadikira."