Chimene Chinkadya Batire

Esnart anaika foni pathebulo la Welcome, bambo wokonza mafoni mumsika wa Chitipa, maso ali kumsewu.

"Batire, abambo. Ndikatchaja m'mawa, pofika masana lafa kale. Lero ndikufuna lifike usiku."

"Yewo, mama. Khalani apo tione," anatero Welcome, akukankhira pambali mulu wa matchaja.

Esnart sanakhale. Anapanira chikwama cha kumsika kukhwapa. Pamwamba panali mpiru ndi tomato. Pansi panali madiresi awiri, buku la kusikelo ndi tinsapato ta Chikondi, mwana wake wa zaka zinayi. Zonse anali ataziwerengera. Foni ikachira, akatenga mwanayo kusukulu ya mkombaphala nthawi ya phala, n'kukwera minibasi ya ku Karonga. Mkulu wake Maureen akawadikira kudepoti ya Mzuzu. Mumdima wa mzinda wachilendo, popanda foni sakanapezana.

Anali atakhala zaka zisanu ndi mwamuna wake Sosten, wa kabaza wa njinga yamoto. Dzino lakutsogolo Esnart analibe. Anamwino anawauza kuti anagwa pachitsime, iwo n'kulemba momwemo osamuyang'ana kumaso.

Kuchoka yekha akanachoka kale. Chinkamumanga chinali mwana. Kwawo ku Ntchisi mwana ndi wa kuchikazi, n'chifukwa chake amalume ake analandira malowolo akuseka, poyesa mphatso ya anthu aulemu a kumpoto. Tanthauzo lake Esnart analimva bwino tsiku limene anakadandaula kwa apongozi ake ku Misuku, diso lili lotupa. Mayiwo sanasiye n'komwe kusankha khofi palichero.

"Msewu uwo, mama, palibe wakugwira. Koma mwana ndi wa ng'ombe zathu. Akakwera phiri lino, satsikanso."

Amene anagula foniyo ndi Sosten, kumalire a Tanzania. Anabwera nayo yotulutsa kale m'katoni, yoyatsa, zonse atamuikira. Madzulo aliwonse akangovula chipewa cha panjinga ankatambasula dzanja, Esnart n'kupereka. Ankawerenga uthenga umodzi umodzi, kufunsa nambala iliyonse kuti mwini wake ndani.

Nzeru inabwera ndi Maureen atadzacheza pa Pasaka. Ali awiri kuchigayo, anamuonetsa kabisidwe ka apu. Umatsegula zala ziwiri pagalasi la foni, n'kulemba manambala anayi achinsinsi, kenako kamatseguka kachipinda kamene wina sangakaone. M'menemo anaikamo apu yawo yochezera. Pamaso pa foni panatsala Baibulo, nyimbo za kwaya ndi zithunzi za Chikondi.

Sosten anafufuza sabata yoyamba, yachiwiri, osapeza kanthu. Mwezi wathawu anangosiya kutambasula dzanja. Anayamba kubwera ndi kanyenya m'pepala, nthawi zina kufunsa ngati mutu unasiya kuwawa. Esnart ankalandira ndi manja awiri, mumtima akuseka. Mwamuna wodziwa njira zonse zozembera apolisi apamsewu wagonja ndi zala ziwiri za mkazi wa ku Ntchisi. Akangomva njinga yalilima kupita kusiteji, ankatsegula kachipinda kake n'kulemba zonse: tsiku, nthawi ya phala, dzina la kondakitala amene Maureen ankamudziwa.

Ngakhale m'mawa uno zinthu zinayenda ngati zodzozedwa. Sosten, amene sanaperekezepo mwana kusukulu chibadwire, ananena yekha kuti amusiya popita kuntchito. Anamuveka jekete yake yofiira, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuotcha malata.

"Mphepo ya panjinga," anatero.

Chikondi anakhala pathanki, akubayibitsa ndi manja onse awiri. Esnart anayamika Mulungu chifukwa cha ola lathunthu lolongedza popanda womuona.

Welcome anatsegula foni kumbuyo, kuyeza batire ndi timawaya tiwiri, kenako anatsekanso.

"Batire ili ndi lamoyo, mama. Likanakhala lakufa ndikanakugulitsani lina, ndidye nanenso. Pali chimene chikudya moto mkatimu. Bandulo nayo ikumatha msanga?"

"Ya sabata imatha masiku atatu."

"Eya." Anayendetsa chala pagalasi, kulowa malo amene Esnart sanafikeko. "Musandione ngati wamiseche, ine ndi fundi chabe. Muli ndi apu yobisa?"

Esnart anayang'ana uku ndi uku. Pafupi panali mayi wogulitsa zitenje yekha, akuodzera.

"Imodzi. Ya ine ndi achemwali anga."

"Musaope. Theka la mafoni a pa Boma pano ali ndi zobisa. A madikoni ndiye musanene."

Kudepoti kondakitala ankakuwa kuti Karonga atsala anthu asanu. Nthawi ya phala inali itayandikira. Esnart anasuntha chikwama kupita kukhwapa lina, tinsapato tikumubaya m'nthiti. Anaganiza zongoitenga foniyo momwemo, akaizimitse panjira mpaka Mzuzu. Anatambasula dzanja, koma Welcome sanapereke. Nthabwala zinali zitamuthera. Anatembenuza foniyo pang'onopang'ono, chala chili pamzere wina wopanda chithunzi.

"Yanu ija ndaiona, sikudya kanthu. Koma zobisa ndi ziwiri, mama. Iyi inalowa tsiku limene foni inagulidwa, ndipo chilichonse mwalemba, ngakhale cha m'kachipinda kanu, imatumiza ku nambala iyi."

Esnart sanafunike kuiwerenga mpaka kumapeto: inali ya Sosten. Pa Boma mwana savala jekete mu Okutobala. Kumene kumazizira ndi ku Misuku, kwa apongozi ake.