Matiresi Olimba

"Gonanipo, mayi, kuyesa sitilipiritsa," anatero wogulitsa matiresi.

Mayi Safta anavula nsapato n'kugona chagada pa matiresiwo, mpango wakuda uli kumutu. Anangoti maso kudenga ngati munthu wodikira basi.

"Awa afewetsa. Munthu wa msana angadzuke atapindika ngati chikwakwa."

Mwana wawo Ilinca mtima unakhalako pansi. Chimwalirire bambo ake, a Anghel, aka kanali koyamba kuti mayi ake adandaule kanthu. Mwezi wonse ankangodya akapatsidwa, msana ukuwapweteka koma osanena.

Anayesa ena atatu. Amene anawakonda anali olimba, a mtengo wa malei 600, theka la penshoni yawo.

"Tengani omwewo, ine ndiwonjezerapo," anatero Ilinca. "Bola muzigona bwino."

Wogulitsa anatenga cholembera. "Tikatule kuti?"

"Kwa a Pavel, kuseri kwa tchalitchi," anayankha mayi Safta. "Loweruka, tikamachokera ku mapemphero okumbukira malemu pa tsiku la makumi anayi."

"Amayi! Kwa a Pavel osauka aja? Nanga msana wanu?"

"Tauni yakuiwalitsa mwambo, iwe? Chimene wapatsa wosauka m'dzina la malemu, malemuyo amakachilandira komwe ali. Bambo ako abuula ndi msana zaka makumi awiri. Ukufuna akabuulenso kumeneko?"

"Ndiye inuyo muzigona pati?"

Mayi Safta anawerama movutikira n'kuyamba kuvala nsapato.

"Pa akale omwe aja. Dzenje limene anasiya bambo ako likadalipo. Ndimakwanamo bwinobwino."