Buluzi wa Molefi ndi beseni la mwana

Panali munthu wina ku Mamelodi, dzina lake Molefi, amene ankaweta buluzi wa ndevu m'bokosi lagalasi pabalaza. Anamugula kwa bambo wina wosamudziwa yemwe ankagulitsa abuluzi m'buti ya galimoto, ndipo anamutcha Kgosi. Mkazi wake Dineo sankamufuna buluziyo, makamaka poti anali ndi mwana wamng'ono, Bontle, amene anali atangoyamba kukwawa.

Chakudya cha abuluzi cha kusitolo Molefi anachiona chodula. Anayamba kugwira mphemvu pangalande ya madzi oipa kuseri kwa nyumba n'kumamupatsa Kgosi. Posakhalitsa buluzi anayamba kuonda, mimba yokha n'kumafufuma. Ankatsegula m'mimba, ndipo fungo lake linali loti alendo ankakana kudyera pabalaza. Tsiku lina Dineo anaona tinyongolotsi toyera tikuyenda m'ndowe zomwe zinamatirira pagalasi. Anathamangira panja kukasanza.

"Abambo a Bontle," anatero atabwerako, "mwana wanu wachisambayu mupite naye kuchipatala, apo ayi mukamutaye. Ine sindingaphikire m'nyumba yonunkha ngati chimbudzi cha pasiteshoni."

Molefi anapita naye kwa dokotala wa ziweto. Pofika nthawiyo buluzi anali atasiya kutsegula, tsopano anadzimbidwa. Dokotala anati ndi njoka za m'mimba, ndipo mphemvu zisiyidwe. Anapereka mankhwala. Anatinso kumuviika m'madzi ofunda kumathandiza kuti achite chimbudzi, koma akhale ndi beseni lakelake, losalowa kubafa kapena kukhitchini, ndipo womugwira azisamba m'manja ndi sopo. Atamva kuti kunyumba kuli khanda, anabwereza mawu ake. Anati m'ndowe za buluzi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe buluziyo sadwala nato, koma mwana wamng'ono tikhoza kumupha.

Molefi anavomera zonse. Atafika kunyumba anapeza kuti ndowa yomwe anali nayo ndi yopapatiza, mchira wa Kgosi sunkakwanamo. Kuseri kwa chitseko cha bafa kunkapachikidwa beseni la Bontle, lalitali bwino, lapinki, lokhala ndi chithunzi cha kabakha. Dineo anali kuntchito, mwana anali kwa mayi wina wapafupi yemwe ankamulera masana.

Buluzi atangomva madzi ofunda anatulutsa zonse zomwe zinali zitaunjikana m'mimba. Madzi anasanduka obiriwira, tinyongolotsi tikuyandama pamwamba. Molefi anasangalala kwambiri moti anajambula kanema pafoni kuti akaonetse anzake oweta abuluzi. Kenako anakhuthula madziwo, kutsukuluza beseni pampopi, n'kulipachika pamalo pake.

Madzulo Dineo anasambitsa Bontle m'beseni lomwelo. Mwanayo ankakonda kumenya madzi ndi timanja n'kumayamwa kansalu kosambira. Molefi anaima pakhomo akuonerera. Ndipo zoviika buluzi m'besenimo sanachite kamodzi. Buluzi akangodzimbidwa, beseni linali lomwelo.

Bontle anayamba kutentha thupi ndi kutsegula m'mimba. Mkaka anaukana. Dineo ataona magazi pathewera, liwombo litalowa, anathamangira naye kuchipatala, ndipo anamugoneka n'kumuika diripi. Atayeza chimbudzi cha mwanayo, dokotala anafunsa ngati kunyumba kuli buluzi, njoka kapena kamba. Molefi anayankha msanga kuti buluzi alipo, koma satuluka m'galasi, ndipo mwana sanamuyandikirepo.

Dineo anakhulupirira. Anayamba kudziimba mlandu kuti mwina sankawiritsa bwino mabotolo a mkaka. Kenako anakalalatira mayi wolera mwana uja kuti ndi wauve, mpaka mayiyo analira. Molefi anamva zonsezi, koma za beseni anazibisabe.

Mwana akadali m'chipatala, foni ya Dineo inatha moto. Anabwereka ya mwamuna wake kuti atumizire amayi ake ku Seshego chithunzi cha mdzukulu wawo. Akufufuza zithunzi, anakumana ndi kanema uja. Anaona buluzi ali m'madzi obiriwira. Anaona kabakha. Pamlomo pa beseni panali kansalu ka Bontle, nsonga yake itaviikidwa m'madzimo. Ndipo anamva mawu a mwamuna wake akuseka, akuti, "Tulutsani zonse, akuluakulu."

Dineo anamulozera Molefi foni ija. "Beseni ili ndi la ndani?"

"Ndinkatsuka, mayi a Bontle."

"Ndi chiyani?"

"Ndi madzi."

"Ndiye mupite kunyumba, mukatunge madzi m'beseni lomwelo, mukamwe. Mujambulenso kanema, anzanu aja akaone."

Dineo anapita kwa dokotala n'kumuonetsa kanemayo. Akuti namwino yemwe anaonera nawo anagwira pakamwa n'kutuluka.

Bontle anachira, koma anatuluka m'chipatala ataonda, nthiti zikuwerengeka, kukwawa atasiya. Buluzi anaperekedwa kwa anthu ena. Dineo anakapepesa kwa mayi wolera mwana uja. Tsiku lina Molefi ataweruka kuntchito anapeza zovala za mkazi wake ndi za mwana mulibe. Patebulo, pamalo pomwe Dineo ankamuikira mbale ya chakudya, panali beseni lapinki lija.

Phunziro: Chiweto chikhale ndi ziwiya zakezake, ndipo chilichonse cha mwana chisayandikire ndowe za buluzi, njoka kapena kamba. Kuoneka koyera si kuyera, kutsukuluza ndi madzi okha sikupha tizilombo. Dokotala akaletsa chinthu, timvere ngakhale palibe wotiona. Ndipo mwana akadwala, nenani zoona msanga, manyazi anu asaposere moyo wake. Makolo anzanga, tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi khanda ndi chiweto m'nyumba imodzi, komanso kwa amene mumawasiyira ana anu.