Maliro Adikire Lachisanu

Kampani ya inshuwalansi yakunja inalamula kuti sabata yolengeza phindu munthu asamwalire m'mudzi wakwawo kwa Malizani, kuopa kudzidzimutsa ogula masheya. Banja lolira maliro sabata imeneyo silinkalandira bokosi.

Mayi ake a Malizani sanamvere lamulolo. Anatsamira mkono Lolemba.

Choncho m'mawa uliwonse Malizani ankachapa zitenje zawo n'kuziyanika poyera, kuti makamera a kampani aziona ngati eni ake alipo. Misozi ankakagwetsera kubafa.

Lachisanu wailesi inalengeza kuti phindu lakwera chifukwa makasitomala aleka kufa, ndipo chaka chamawa zidzaposa apa.

"Lira tsopano, mphwanga," anatero malume ake. "Atiloleza mpaka masana."

Malizani sanadzutse mutu pabeseni.

"Ndimalize kaye, malume. Mayi sakonda zovala zokhalitsa m'madzi."