Dzanja Limene Abusa Sanaligwire

Panali munthu wina, mbusa wachinyamata, amene anatumizidwa ku mpingo wake woyamba atangomaliza sukulu ya ubusa. Ankalalikira mokoma, koma kutaya nthawi ankadana nako.

Pa mpingowo panali mwambo wakale. Mapemphero akatha, mbusa ankaima pakhomo limodzi ndi mkulu wina wokalamba wa mpingowo, n'kumagwirana chanza ndi aliyense wotuluka. Mkuluyo anaima pamenepo zaka zambirimbiri moti anthu ankangowatchula kuti a Pakhomo. Mzerewo unkatha ola lathunthu.

Mwezi umodzi wokha, abusa anatopa nazo.

"Bambo, mwambo uwu uthe," anauza a Pakhomo. "Ana akulira njala, ine dzanja lachita dzanzi. Ndatsegula gulu pa foni. Wodwala azilemba pamenepo, ife tizipita."

A Pakhomo anakanda dazi lawo. "Abusa, pakhomo paja sitiwerenga manja amene tagwira. Timawerenga amene sitinagwire. Amenewo ndi amene timawayendera Lolemba."

"Foni igwira ntchito imeneyo."

"Foni imamva wolankhula, mwana wanga. Nanga wokhala chete amumve ndani?"

"Inu ndi ndagi zanu!" anaseka abusa.

Lamulungu lomwelo analengeza kuti zogwirana chanza zatha. Anthu anatuluka mwachangu, ndipo gulu la pa foni linadzaza ndi ma Ameni ndi zithunzi za maluwa. Abusa ankaziona n'kumati mumtima, nkhosa zanga zonse zili bwino.

Panadutsa masabata awiri. Lachisanu m'mawa, akukonzekera kudalitsa ukwati wa Loweruka, anapeza mkono wa mkanjo wawo utang'ambika. Unali utakodwa pa msomali wa paguwa.

"Pitani nawo kwa mayi atelala," anatero akazi awo. "Amasiye aja, amene amakhala kuseri kwa nsanamira m'tchalitchi."

"Mayi ati?"

"Ha, abusa athunthu osadziwa nkhosa yawo! Khomo lomaliza, kuseri kwa shopu ya kalipentala."

Abusa anapita mkanjo uli pamkono. Anaodira kawiri, zii. Mayi wina woyandikana nawo, amene ankayanika zovala, anati, "Ndiyesa anapita kwa mwana wawo. Makina sakulira masiku ano."

Abusa anatembenuka kuti azibwerera. Ndipamene anamva kaphokoso m'katimo: ngo, ngo, ngo, chitsulo kugunda chitsulo. Anaitana mayi woyanika zovala uja, nakankha chitseko awiriwiri mpaka chinatseguka.

Mayi atelala anali gone pansi, pakati pa bedi ndi makina osokera, sizasi ili m'manja. Ndi imene ankamenyera mwendo wa makinawo. Mwendo wa mayiwo unali utatupa ndi bala, milomo itang'aluka, ndowa ya madzi ili gwa. Kafoni kawo ka mabatani kanali pashelefu, kothima. Anadwala masabata awiri, ndipo chigwereni pansipo panali patapita masiku awiri.

Atamwa madzi pang'ono anatsegula maso, n'kumwetulira.

"Abusa, ndimadziwa," ananong'ona. "Kawiri konse simunandigwire dzanja. Ndimangoti a Pakhomo awerenga, abwera basi. Mwachedwako, koma mwafika. Mpaka mwanyamula ndi mkanjo womwe kudzandipempherera!"

Mayiwo sankadziwa kuti mwambo unatha. Lamulungu limene abusa anauthetsa ndi limene iwo anayamba kujomba. Abusa anasowa poyang'ana. Anawafunditsa mkanjo wong'ambikawo, nathamanga kukaitana galimoto.

Kuchipatala dokotala anati, "Mukanachedwa tsiku lina limodzi, bwenzi tikukamba zina."

Loweruka abusa anadalitsa ukwati mkono wa mkanjo uli wong'ambika, mkwati ndi mkwatibwi osazindikira n'komwe. Atachoka kumeneko anapita kuchipatala, nakhala pamphepete pa bedi, mutu uli pansi.

"Mayi, ndiulule. Dzulo sindinabwere kudzakuonani. Mwambo uja ndinauthetsa ndine, a Pakhomo akundiletsa. Kuti inu mukusowa sindinkadziwa. Ndinabwera kuti mundisokere mkanjo."

Mayi atelala anayamba kuseka, kuseka mpaka namwino anasuzumira.

"Ndiye kuti Mulungu atatuma abusa n'kukana, anatuma msomali!" anatero akupukuta misozi. "Musalire, mwana wanga. Wotumidwa aliyense ine ndamulandira. Bweretsani mkanjowo, manjawa sakudwala."

Anausokera pabedi pomwepo, ndi singano yobwereka kwa namwino.

Mmawa mwake, Lamulungu, nyimbo yotsekera isanathe n'komwe, abusa anali ataima kale pakhomo. A Pakhomo anafika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, naima pambali pawo.

"Dzanja lija lapola dzanzi, abusa?"

"Lapola, bambo. Ndiphunzitseni kuwerenga."

Mzere unatha ola ndi theka. Munthu womaliza atatuluka, a Pakhomo anapinda zala zitatu, natchula anthu atatu. Lolemba m'mawa anauyamba ulendo, nkhalamba patsogolo, abusa pambuyo.

Akuti mayi atelala anachira, ndipo anabwerera pamalo pawo kuseri kwa nsanamira. Kalipentala atabwera ndi hamala kuti azule msomali wa paguwa uja, abusa anamugwira dzanja.

"Usiyeni," anatero. "Ameneyu anayendera wodwala ine ndisanayambe."

Phunziro: Musathetse mwambo musanafunse kuti umagwira ntchito yanji, ndipo akulu akakuchenjezani, imani kaye mumve. Wovutika kwambiri nthawi zambiri ndi amene sangathe kuitana. Lamulungu likubwerali yang'anani malo amene palibe munthu, mukagogode pakhomo pake, ndipo muthokoze Mulungu amene amatuma ngakhale msomali ife tikaiwala. Nkhaniyi isathere pa inu, itumizeni kwa abusa anu, akulu a mpingo ndi onse amene mumakhala nawo benchi imodzi.