Diso Lomatidwa

Dalaivala anaimika lole yake kutsidya kwa msewu n'kulowa m'shedi ya kalipentala atanyamula jumbo ya nsapato zatsopano. Saizi anangochita kuyerekeza, poti panali patatha zaka ziwiri asanamuone mwana wake wamkazi. Mayi wa mwanayo anali atakwatiwanso ndi kalipentala, ndipo anthu a pamsewu anamuuza kuti mwanayo akaweruka kusukulu amakhala m'shedimo.

Anamupeza pakona, atakhala pa kampando pakati pa utuchi. Pamiyendo pake panali mbale ya timisomali. Ankatola kamodzikamodzi n'kumayesa kuponya m'botolo la kukamwa kopapatiza. Tambiri tinkagwera pansi. Diso lake lakumanja linali lomatidwa ndi pulasitala, kuyambira pansidze mpaka patsaya.

"Amayi anga," anatero dalaivala, "simukundidziwa?"

Mwanayo anapendeketsa mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Adadi?"

Anadzuka kuti amuthamangire, koma anagunda benchi ndi bondo, mbale ija n'kutayika. Dalaivala anamugwira m'mapewa.

"Diso latani?"

"Amandimata ndi ababa awo."

"Liti?"

"Tsiku lililonse. Ndikachotsa amandigwira manja n'kumatanso."

"Ndiye iwe sulira?"

"Ndimalira. Amati lira, bola usachotse."

Jumbo ija inagwera pansi. Dalaivala ankawadziwa amuna a mtundu umenewu. Pagulu amayankhula motsitsa mawu, kunyumba dzanja limayabwa, ndipo akapweteka munthu amathamangira kuphimba bala kuti aneba asaone. Uyu anali atafika pomugwiritsa ntchito mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, diso lili chotupire.

Kalipentala anali kumapeto kwa shedi akupala chitseko. Anali munthu wamfupi, pensulo ili kukhutu. Anapukuta manja pa ovololo n'kubwera akumwetulira.

"Takulandirani, achimwene. Khalani apa ndikufotokozereni."

"Achimwene ako ndani? Tinayamwa bere limodzi, ine ndi iwe?"

"Ayi, pepani. Ndimati..."

"Ukubisa chiyani pansi pa pulasitalayu?"

"Chonde musachotse, nthawi yake sinakwane."

Chibakera choyamba chinamupeza pakamwa. Pensulo inauluka. Anadzandira n'kugwera pa mulu wa matabwa, ndipo asanadzuke dalaivala anali atamugwira kale kolala. Anamuwombetsa mutu pa benchi kawiri. Magazi anadontha pa chitseko chopalidwa kumene chija.

"Menya ine! Si umamenya ana? Dzuka umenye bambo mnzako!"

Kalipentala sanabweze. Anangopinda manja pachifuwa n'kukuwira mwanayo kuti, "Tuluka, mayi, tuluka! Usaponde misomali!"

Pakhomo panali patadzaza anthu. Wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana anafuna kulowerera, koma dalaivala anamulozera mwanayo.

"Taonani zimene wamuchita mwana wanga!"

Anthu anayang'ana pulasitala uja. Ena anali atamuonapo kale, ena anali atamvapo kulira kwa masana alionse. Wowotcherera anabwerera m'mbuyo. Mayi wina kunja anati, "Ndinkanena ine. Mwana womupeza ndi choncho."

Dalaivala anatola mwendo wa tebulo womwe unali usanakhomedwe. Kalipentala anatchinga nkhope ndi mkono wakumanja. Kulira kwa fupa kunamveka mpaka pakhomo, ndipo phokoso lonse linati zii. Munthuyo anadzipinda mu utuchi akupuma ngati mbuzi yomangidwa.

Dalaivala anataya thabwalo. Mtima unali utakhala pansi. Anagwada patsogolo pa mwana wake, yemwe anali ataima chilili, mkodzo ukutsikira m'miyendo.

"Usaope, adadi abwera. Tiye tiwaonetse anthuwa."

Anayamba kumatula pulasitala pang'onopang'ono, atakonzeka kuona mafinya ndi chotupa. Pulasitala anachoka. Chikope chinaphethira kawiri. Diso linali loyera, lowala, lopanda ngakhale kachipsera, ndipo linamuyang'ana molunjika.

Nthawi yomweyo mayi wa mwanayo anadzipanikiza pakati pa anthu, akupuma wefuwefu. Anaona mwamuna wake pansi, anaona pulasitala m'manja mwa dalaivala. Sanakuwe. Anagwada n'kuika mutu wa kalipentala pamiyendo pake.

"Diso limenelo ndi labwinobwino," anatero. "A kuchipatala cha maso anati tizilitseka maola anayi patsiku kuti linzakelo liphunzire kuona, apo ayi lifera momwemo. Kutola misomaliko ndi ntchito imene anamupatsa komweko. Ine ndinalephera, sindipirira akamalira. Amene amakwanitsa ndi bambo awa, ndipo ndi iwo amene amapita naye Lachinayi lililonse chichitireni opaleshoni."

Dalaivala anayang'ana diso lina lija, lakumanzere, lomwe linali poyera nthawi yonseyi. Apa m'pamene anaona kuti linali lopendekera pang'ono, ndipo linali ndi kamzere kotuwa m'mbali.

"Opaleshoni ya chiyani? Anatani?"

Mayiyo anapitiriza kupukuta magazi pakamwa pa mwamuna wake, osadzutsa mutu.

"Kapu ija munandigenda nayo tsiku lomwe munachoka inandiphonya. Mwana anali kumbuyo kwanga."